Mzere Wachinayi

Ndinkati chitini chikadzaza, ndalemera.
Madzulo ndinkawongola mapepala ofota ndi thukuta la pa M'baluku,
kuwasanja pa mpando, n'kumwetulira ndekha,
osadziwa kuti m'menemo muli ya mwini holoselo,
ya wakabaza, ya chiphaso cha khonsolo,
ya landilodi wosamva za maliro.
Yanga yokha ndiyo munalibe.

Zaka zisanu ndi ziwiri pa okala iyi,
pamene msewu wa ku Namwera umatsika pa mlatho,
mashelefu omwewo, malata omwewo,
dzimbiri lokha ndilo linkakula.

Anabwera Twaibu, mwana wa mlongo wanga,
akudikira zotsatira za mayeso, manja akumuyabwa.
"Azakhali, shugayu mumapindula naye zingati?"
"Amatha msanga."
"Sindinafunse zimenezo."
Ndinamuyang'ana. Mwana wadzana uyu,
amene ndinkamupukuta mamina ndi nsonga ya chitenje!

Anang'amba masamba akale a kope lake la masamu,
pa otsalawo n'kujambula mizere:
zolowa, zotuluka, ngongole.
Wachinayi anausiya wopanda mutu.
"Umu muzilemba chilichonse chochoka pa shelefu
popanda ndalama kulowa m'chitini."

Mwezi unatha. Kope silinandichitire manyazi.

Shuga, mfumu ya okala, wodzaza theka la khoma,
ukachotsa ya kabaza ndi wotayikira pansi popima,
phindu lake silingagule mtolo wa nkhuni.
Mafilizi a malambe, omwe ndinkawanyoza kuti malonda a ana,
ndiwo ankalipira lendi mwakachetechete,
kupatula masiku othima magetsi
pamene ankasungunuka n'kukhala misozi yotsekemera.
Che Imedi, a moni wautali, ofunsa ndi za nkhuku zomwe,
anali ndi tsamba lawolawo chiyambire mvula.

Koma mzere wachinayi uja!
Sopo wochapira Loweruka.
Mafuta ophikira, kabotolo kamodzi kokha, kamodzi kokha,
kamodzi kokha kakhumi ndi kawiri.
Buledi wa alendo ochokera ku Malindi.
Machesi, mchere, mayunitsi a foni.
Zaka zonsezi ndinkakayikira makoswe,
ndinkakayikira mtsikana wondithandiza, mpaka ndinamuchotsa,
ndinaganizako zokafunsa kwa asing'anga za chitaka.
Wakuba anali m'zolemba za dzanja langa,
atavala mpango wanga.

Usiku umenewo sindinagone.
M'mawa ndinapita kwa mayi ake a mtsikana uja
ndi mawu olemera kuposa belo la shuga.

Tsopano ndimadzilipira ngati waganyu, pa wani,
sopo ndimagula kwa ine mwini, chenji n'kudzibwezera.
Shuga ndachepetsa, akhalepo woitanira anthu basi.
Malambe ndimagula thumba lathunthu akatchipa.
Kope landiuza kuti Lachisanu potuluka ku mzikiti
mazira satsala,
kuti sukulu zikatsekera, firiji izipuma,
kuti mwezi wa swaumu masana n'ngogona
koma dzuwa likapendeka, manja awiri sakwana.
Che Imedi moni wawo ndimayankha wonse,
ngongole yokha ndinaimangira mpanda.
Anakwiya masabata atatu. Anabweranso, ali ndi ndalama m'manja.

Twaibu anakwera basi ya ku Joni mwezi wa chisanu.
Ndimalemba ndekha, zilembo zopendama ngati mpanda wa mvula,
nthawi zina ndimasokoneza seveni ndi wani,
n'kubwereranso pamwamba, chala pa mzere.

Lero zolowa n'zambiri ndithu, koma sindizisekerera.
Fodya wako ndi amene ali pamphuno.
Ndachotsa ya holoselo, ndachotsa ya kabaza,
ya magetsi, ya khonsolo, ya mazira awiri osweka.
Yatsala K3,400.
Njochepa, inde.
Koma imeneyi ndikaitana, imavomera.